Kope la Tizitsulo Togwa

Ine ntchito yanga ndi malovu.
Ndimagwira kapaipi koyamwa ndi thonje
m'kachipinda kakuseri kwa depoti, pa Kamuzu Road,
momwe fani imangopukusa mutu, kukana dzuwa la Okutobala.

Madokotala ndi awiri, mpando ndi umodzi.

Mayi Nasimango amamata pomwepo.
Amapaka dzino asidi wabuluu,
kuwerenga chamumtima mpaka makumi atatu,
kutsuka, kuumitsa,
mpaka dzino lituwe mbuu ngati choko.
Kadontho ka guluu, kachitsulo pakatikati,
diso limodzi chitsinzinire ngati mmisiri woyeza khoma,
nyali ngwee, guluu gwa!
Dzino lina. Linanso.
Amati, "Nsalu sagula mumdima.
Dzino ndilione ndekha lili m'kamwa mwa mwini."

Bambo Chikakwiya sathamanga.
Amayamba atenga chikombole cha nsagwada
n'kuumba mano ena a pulasitala,
mano opanda lilime, osatsokomola, osafunsa nthawi.
Usiku amawakhalira pansi ndi rula ndi pensulo,
kachitsulo kalikonse pa mzere wake,
m'mawa n'kusamutsa tonse limodzi m'kathireyi kofewa
monga mbande za mpunga ku Lifuwu
zichokera ku nazale kukalowa m'matope.
Amati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."
Mayi amayankha,
"Nkhono ilibe mzere wa odwala pakhonde."

Ndiye anandigulira kope, mlandu uthe.
Ndinalemba mzere pakati:
uku kwa Mayi, uku kwa Bambo,
kachitsulo kakagwa ndilembe.

Ka Mayi, Lachiwiri: nzimbe.
Ka Bambo, Loweruka: chimanga chootcha.
Ka Mayi: bwemba, ndi nthangala zomwe.
Ka Bambo: mnyamata wa kabaza
anatsekula botolo ndi mano, atalumbira kuti sadzatero.
Chaka chitatha, uku khumi ndi zisanu ndi zinayi,
uku khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Mayi anati odwala awo ndi ambiri.
Bambo anati pulasitala wakwera mtengo.
Aliyense anamwa tiyi atayang'ana khoma lake.

Kenako kunabwera Zaituni wa ku Chipoka,
wa zaka khumi ndi zitatu,
mano opanikizana ngati anthu mu minibasi ya Lachisanu,
woseka dzanja lili pakamwa.
Amayi ake anagulitsa mbuzi ziwiri.
Anati sabweranso mwezi uno, thiransipoti yatha.

Tili pa dzino lachinayi, magetsi thi!
Nyali ya guluu inaphethira kawiri n'kugona.
Jenereta inali youma kuyambira Lolemba.
Kapaipi kanga kanaleka kupuma,
malovu n'kuyamba kusefukira ngati Linthipe mu Febuluwale.

Bambo anatsekula dirowa yapansi, yomwe imalira,
n'kutulutsa simenti yakale, ufa ndi madzi ake,
yosadikira nyali, yosaopa kwambiri chinyezi.
Anakanda pagalasi, osayeza, osatchula nkhono.
Mayi anatambasula dzanja osawayang'ana.
Wina kukanda, wina kumata,
tochi ya foni ili m'manja mwa mayi wa mwana.
Ine thonje, thonje, thonje,
kulowetsa louma, kutulutsa lonyowa,
thukuta likundilowa m'maso, wondipukuta palibe.

Madzulo ndinatsekula kope, cholembera m'mwamba.
Zaituni ndi wa ndani?
Ndinamulemba mopingasa, pamwamba pa mzere.

Miyezi isanu tsopano.
Kagwapo kamodzi, kakumbuyo, chifukwa cha chingamu.
Dzulo anabwera kudzamangitsa waya,
anandiseka ndi mano onse, manja ali m'thumba.

Mkangano sunathe.
Mayi akuti linagwira ntchito ndi diso,
Bambo akuti ndi simenti.
Ine ndikutsuka kapaipi kanga pa sinki.
Mpaka lero palibe wafunsa
kuti mano aja anawaumitsa ndani.